Mlandu wa Kingsley ndi Newman: Tsankho Liyambira Pati?

Liwu lakuti tsankho lichokera ku mneni "kusankha", ndipo m'kulankhula kwathu lisonyeza kwenikweni ntchito yooneka ndi maso, monga ya mayi wogawa ndiwo mokondera mwana mmodzi, kapena ya kapitawo wolemba ntchito anthu a kwawo okhaokha. Koma masiku ano liwuli talisenzetsa katundu wina, pakuti ndilo timasulira nalo liwu la Chingerezi lakuti prejudice, lochokera ku Chilatini, limene tanthauzo lake ndilo kugamula mlandu usanazengedwe. Tsankho la mtundu wachiwiriwu likhala m'maganizo ndi m'mawu, ndipo livuta kuligwira chifukwa lifanafana ndi kudzudzula. Vutoli lionekera bwino pa nkhani za chipembedzo. Munthu akatsutsa chiphunzitso cha Akatolika kapena kachitidwe ka ansembe awo, ena afulumira kumtcha watsankho, ndipo iye ayankha kuti ali kungonena zoona. Kuti tipeze malire ake, tiyeni tizenge mlandu umodzi wa m'mabuku, umene udachitika ku Mangalande m'chaka cha 1864 pakati pa alembi awiri omveka, Charles Kingsley ndi John Henry Newman.

Tiyenera kuyamba tadziwa dziko limene mlanduwu udabukira. M'chaka cha 1570 Papa Pius V adachotsa Mfumukazi Elizabeth I mu mpingo, nalengeza kuti anthu ake ali omasuka kusamumvera. Ndipo mu 1605 Akatolika owerengeka, mmodzi wa iwo Guy Fawkes, adakonza chiwembu chophulitsa Nyumba ya Malamulo ndi wonga. Angerezi sadaiwale zinthu ziwirizi. Kufikira 1829 Mkatolika sadali kuloledwa kukhala phungu, ndipo pamene Papa Pius IX adaikanso maepiskopi m'dzikomo mu 1850, padabuka phokoso lalikulu limene nduna yaikulu, Lord John Russell, idalisonkhezera, kotero kuti chaka chotsatira adakhazikitsa lamulo loletsa maepiskopiwo kudzitcha ndi maina a mizinda ya dzikolo. Ngakhale lero lomwe lamulo la 1701 likanizabe Mkatolika kukhala pa mpando wachifumu wa Britain. Tatchula izi kuti owerenga aone kuti mantha a Angerezi adali ndi pogwira. Adamera pa zinthu zimene zidachitikadi, koma adayanga mpaka kuphimba anthu amene adabadwa patapita zaka mazana awiri.

Kingsley adali mbusa wa mpingo wa Angilikani ku Eversley, mlembi wa mabuku a nthano okondedwa kwambiri, ndiponso, kuyambira 1860, mphunzitsi wamkulu wa mbiri pa yunivesite ya Cambridge. Sadali munthu wouma mtima: adalankhulira atelala osauka a mu London amene mabwana adali kuwadyera masuku pamutu, nalimbikira kuti anthu a m'makomboni amwe madzi abwino. Newman naye adali mbusa wa Angilikani, mlaliki womveka wa ku Oxford, kufikira October 1845 pamene adalowa Chikatolika. Pambuyo pake adalandira unsembe, nakakhala ku Birmingham. Pofika 1864 dzina lake lidali litazilala, ndipo ambiri amene adali kumkumbukirabe adamuyesa wachinyengo amene adali wa Chiroma mumtima zaka zambiri akulalikabe m'chalichi cha Angilikani.

Mlandu udayamba ndi mawu ochepa. M'magazini ya Macmillan's ya January 1864 Kingsley adalemba ndemanga pa buku la J. A. Froude la mbiri ya Mangalande, ndipo pakati pa nkhaniyo adaponyapo ganizo lakuti kwa ansembe a Chiroma kunena zoona sikudakhalepo khalidwe lofunika pa lokha, ndi kuti Bambo Newman mwini wake aphunzitsa kuti kusatero nkwabwino. Newman adalembera eni magazini, ndipo chimene adafuna chidali chimodzi: amuonetse pamene adanena zimenezo. Kingsley adaloza ulaliki wotchedwa "Wisdom and Innocence", wa pa Mateyu 10:16, pamene pakambidwa za kuchenjera kwa njoka ndi kufatsa kwa nkhunda. Koma ulalikiwo Newman adaulalika mu 1843, akali mbusa wa Angilikani, kotero sukadakhala umboni wa chiphunzitso cha ansembe a Chiroma; ndipo ngakhale m'menemo Kingsley sadathe kuloza chiganizo chonena zimene iye adamnenezazo. Adapepesa m'magazini ya February, koma kupepesa kwake kudali kwa mtundu uja tiudziwa tonse. Adati ali ndi chisoni kuti adamumva molakwa, popeza Newman wakana tanthauzo lija. Sadavomere kuti umboni padalibe, ndipo za ansembe ena onse sadabweze kanthu. Newman adasindikiza makalata onsewo, nawonjezapo mawu ake akuthwa omseka mnzakeyo.

Kufikira pano Kingsley ndi munthu wofulumira pakamwa amene wakanika kumeza manyazi. Izi zichitikira aliyense, ndipo munthu angathe kuneneza mnzake molakwa popanda kukhala watsankho. Chimene chisintha mlanduwu ndi kabuku kamene adatulutsa mu March, kofunsa kuti nanga Newman atanthauzanji. M'menemo adasonkhanitsa zimene Newman adalembapo za zozizwitsa ndi za miyoyo ya anthu oyera, pofuna kuonetsa kuti ngati munthuyu si wonyenga ndiye kuti ndi wopusa wokhulupirira zilizonse. Koma mawu oopsa koposa ndi amene adanena kuti kuyambira tsopano adzakayika liwu lililonse limene Newman angalembe, chifukwa sangadziwe ngati sali kupusitsidwa ndi mawu okhala pawiri, a mtundu umene akatswiri a Chiroma aulola.

Taganizani bwino pamenepa. Pa bwalo la mfumu woimbidwa mlandu apatsidwa mpata wodziyankhira, ndipo nduna zimvetsera zisanagamule. Tsono tinene kuti wodandaula waimirira nati, "Munthu uyu ngwa mtundu wabodza. Akakana, kukanako ndilo bodza lake. Akalongosola bwino, kulongosolako ndiko kuchenjera kwake. Akakhala chete, wavomera." Pamenepo bwalo latha, ngakhale anthu akali chikhalire pansi pa mtengo. Palibe yankho limene lingampulumutse munthuyo, popeza yankho lililonse lawerengedwa kale ngati umboni womtsutsa. Newman adafanizira machitidwe amenewa ndi kuthira ululu m'zitsime, ndipo fanizolo lidakhazikika m'Chingerezi mpaka lero. Ife tiyesa kuti apa ndi pamene pali malire tili kufunawa. Tsankho silidziwika ndi kukula kwa mlandu, ngakhale kuwawa kwa mawu, ngakhale kupsa mtima kwa wonenedwa. Lidziwika pofunsa kuti: kodi ulipo umboni umene woneneza angaulandire ndi kubweza mawu ake? Kwa Kingsley wa mu March padalibe umboni wotere, pakuti chigamulo chake chidachokera pa dzina la mpingo wa munthuyo.

Newman adazindikira kuti kuyankha mfundo imodziimodzi sikukadathandiza, chifukwa amene wagamula kale kuti ndiwe wabodza sawerenga mfundo zako. Chotero adalambalala Kingsley, nalankhula kwa Angerezi onse. Adalemba mbiri ya maganizo ake kuyambira ubwana kufikira 1845, natchula mabuku amene adawerenga, anthu amene adamphunzitsa, ndi makalata amene adalemba pa nthawi yake, ena mwa iwo ochokera m'manja mwa anzake akale a Angilikani amene adamtumizira kuti amthandize. Bukulo, Apologia pro Vita Sua, lidatuluka m'zigawo 7, Lachinayi lililonse kuyambira 21 April kufikira 2 June 1864. Mphamvu yake yagona pa makalatawo. Munthu angathe kupeka mbiri ya mtima wake, koma sangapeke kalata imene yakhala m'bokosi la munthu wina zaka makumi awiri. M'makalatamo owerenga adaona munthu wokayikakayika, wopita patsogolo ndi kubwerera, amene adali kuletsa ngakhale ophunzira ake kuthamangira ku Roma. Kazitape salemba chotero.

Sitinena kuti buku lonse ndi lokoma. Zigawo ziwiri zoyamba, pamodzi ndi mawu akumapeto m'mene awerenga zolakwa za Kingsley mpaka zikwane 39, molingana ndi mfundo 39 za chikhulupiriro cha Angilikani, ndi za munthu amene wakomedwa ndi mkwapulo. Ziseketsa, koma sizitembenuza mtima wa munthu. Posindikizanso bukulo mu 1865 Newman adachotsa zambiri mwa izo pamodzi ndi dzina la Kingsley, ndipo bukulo lidapindula. Kingsley sadayankhenso poyera. Adamwalira mu January 1875, ndipo Newman atamva adamchitira Misa.

Komabe tisaganize kuti Kingsley adalibe funso konse. M'kati mwa chipongwe chake mudali nkhani yoona. Alphonsus Liguori, episkopi wa ku Italy amene adamwalira mu 1787, ndipo mabuku ake adali kuphunzitsidwa kwa ansembe ambiri, adalola kuti pa chifukwa choyenera munthu anene mawu okhala pawiri, oti womva atole tanthauzo lina pamene wonena asunga lina mumtima. Kufunsa ngati chiphunzitso chimenechi nchabwino si tsankho. Ndi funso limene aliyense wochita malonda kapena woimika mboni ali ndi ufulu wofunsa, ndipo Kingsley akadaima pomwepo akadakhala ndi mlandu womveka. Newman sadalizembe funsolo. Adanena poyera kuti pa nkhani imeneyi satsata Liguori, ngakhale mpingo wake umlemekeza ngati woyera. Kenaka adatchula alembi anayi olemekezeka a Chiprotestanti, Jeremy Taylor, John Milton, William Paley ndi Samuel Johnson, amene onse adavomera kuti ilipo nthawi imene munthu angalankhule chosaona, monga pamene chigawenga chifunsa kumene wathawira munthu amene chifuna kumupha. Palibe Mngerezi adatchapo Aprotestanti onse abodza chifukwa cha anayiwa. Apa tsankho lionekeranso mwa njira ina, monga aonekera wamalonda wogula chimanga ndi dengu lalikulu nagulitsa ndi laling'ono. Ganizo likachokera kwa Paley likhala ganizo la Paley yekha, loti anthu akambirane. Likachokera kwa Liguori lisanduka khalidwe la anthu mamiliyoni amene ambiri a iwo sadamvepo ndi dzina lake lomwe.

Kuti maganizo a Kingsley sadali ngozi ya tsiku limodzi tiona m'buku lake la nthano la 1855, Westward Ho!, lonena za amalinyero a ku Devon m'masiku a Elizabeth, limene anyamata a Chingerezi adaliwerenga mibadwo ingapo. Ngwazi yake ndi Amyas Leigh. Mbale wake wa mfunda womwewo, Eustace Leigh, ndi Mkatolika wophunzitsidwa ndi ansembe a chipani cha Jesuit, ndipo ndiye wachiwembu wa m'nthanomo. Kuika Mkatolika woipa m'nthano si mlandu, pakuti Akatolika oipa alipo monga alipo oipa m'mipingo yonse. Cholakwa nchakuti kuipa kwa Eustace mlembi akulongosola ndi maphunziro a chipembedzo chake, ndipo potsiriza amtaya kunja kwa nthano ponena kuti sayeneranso kuwerengedwa ngati munthu, wasanduka chida. Edmund Campion, wansembe amene adalikodi ndipo adaphedwa ku Tyburn mu 1581, aoneka m'bukumo atadzibisa ndi dzina labodza, munthu wa ziwembu ndi wosekedwa. Mwana wowerenga nthano yotere aphunzira kuzindikira wabodza poona chalichi chimene apempherako.

Makolo athu adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mwambiwu ngwoona pa dengu la nsomba, ndipo uchenjeza bwino munthu kuti asaipitse mbiri ya anzake ndi khalidwe lake. Koma ukachoka m'kamwa mwa wolangiza nulowa m'kamwa mwa woweruza, ugwira ntchito yomwe ija ya Kingsley, yopereka mlandu wa mmodzi kwa onse. Mphunzitsi wophunzitsa miyambi achita bwino kufunsa ana ake kuti mwambi umenewu ulankhula kwa yani.

Tsono muyeso womwewu uyenera kuyesanso iwo amene afuula kuti achitiridwa tsankho, pakuti liwuli lingathe kukhala chishango chobisalirako wolakwa. Lord Acton, katswiri wa mbiri wa m'badwo womwewo, adali Mkatolika wopita ku Misa moyo wake wonse, koma adalemba za Apapa mawu olemera kuposa a Kingsley. Adafufuza za kuphedwa kwa Aprotestanti zikwizikwi ku Paris ndi m'mizinda ina ya France mu 1572, kumene Papa Gregory XIII adakukondwerera mpaka kusulitsa mendulo yachikumbutso, ndipo sadabise kanthu. Kusiyana kwake nkwakuti Acton adatchula munthu, chaka ndi chikalata, kotero kuti wofuna kumtsutsa adadziwa kokafufuza. Chitsanzo cha masiku athu chichokera ku America. Mu January 2002 nyuzipepala ya Boston Globe idayamba kuulula kuti akuluakulu a mpingo mu mzinda wa Boston adali kusamutsa ansembe ochitira ana zonyansa kuchoka pa parishi ina kupita pa ina mmalo mowachotsa. Atsogoleri ena a mpingo adati imeneyi ndi nkhondo ya manyuzipepala odana ndi Chikatolika. Koma umboni waukulu udachokera m'zikalata za mpingo womwewo, zimene bwalo la milandu lidalamula kuti zitsegulidwe. Odandaula adali ana a Akatolika. Ndipo mu December chaka chomwecho Kadinala Bernard Law adatula pansi udindo wake. Nkhani imeneyi idawawa koposa chilichonse chimene Kingsley adalemba, koma sidali ya tsankho. Tsankho lidabwera pambuyo pake, m'kamwa mwa iwo amene kuyambira pamenepo ayang'ana wansembe aliyense ngati woopsa kwa ana, osalabadira kuti wakhala bwanji zaka zake zonse.

Mlandu wovuta koposa utibwezera ku Mangalande, kwa W. E. Gladstone. Mu 1870 msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican udalengeza kuti Papa sangalakwe pamene, mwa udindo wake, agamulira mpingo wonse nkhani ya chikhulupiriro kapena ya makhalidwe. Mu November 1874 Gladstone, amene adali atangotsika pa mpando wa nduna yaikulu, adatulutsa kabuku konena kuti munthu wovomera zimenezi wapereka ufulu wa maganizo ake, ndiponso kukhulupirika kwake kwa dziko, m'manja mwa mlendo. Kodi limeneli ndi tsankho? Mbali ina ya kabukuko ndi kudzudzula kwenikweni. Gladstone adatchula zikalata za Vatican, nalozera mawu ake, kotero kuti kudali kotheka kumuyankha. Newman adamuyankhadi mu January 1875, m'kalata yaitali yolembera Duke of Norfolk, ndipo adamuyankha mwaulemu umene sadapatse Kingsley. Adavomera kuti Akatolika ena adakuza mphamvu za Papa ndi mawu opyola muyeso, ndipo kuti iwowa ndiwo adaputa Gladstone. Kenaka adalongosola malire a chiphunzitsocho, naika chikumbumtima cha munthu patsogolo pa lamulo la Papa pa chochita chilichonse cha tsiku ndi tsiku. Anthu awiriwa adali kukangana pa zolembedwa zimene aliyense akadatha kuwerenga yekha.

Koma mbali ina ya kabukuko ikumbutsa mantha aja a 1570. Gladstone adafuna kuti nzika zinzake, zimene sizidapalamule kanthu, zitsimikize poyera kuti ndi zokhulupirika kwa Mfumukazi, chinthu chimene sadafunse kwa anthu a mipingo ina. Kufunsa munthu wosalakwa kuti adziyeretse chifukwa cha dzina la mpingo wake ndi dengu lija la miyeso iwiri, ndipo Akatolika amene adakwiya nazo adali ndi chifukwa. Chotero m'kabuku kamodzi muli kudzudzula ndi tsankho zitalukana, ndipo wowerenga ayenera kuzilekanitsa tsamba ndi tsamba, osalandira zonse kapena kutaya zonse.

Chimene chilekanitsa Gladstone ndi Kingsley chidaoneka patapita zaka. Mmodzi wa anthu amene mawu a Gladstone adawapweteka adali mnzake wa m'boma, Marquess of Ripon, amene adalowa Chikatolika mu September 1874, miyezi iwiri kabukuko kasanatuluke. Monga mwa kabukuko, munthu ameneyu adali atapereka kukhulupirika kwake ku Roma. Koma Gladstone adamdziwa Ripon, adaona ntchito zake, ndipo atabwerera pa mpando mu 1880 adamtumiza kukalamulira dziko la India m'dzina la Mfumukazi, ngakhale Aprotestanti ambiri adadandaula. Ripon adakhala pa udindowo kufikira 1884.